Maso a Ana a pa Mwalawoyera

Ng'anjo idayaka pakati pa kalasi pa sukulu ya boma ya Mwalawoyera, koma denga silidapse. Udali moto wa makolo, wosungunula miyala kuti mutuluke chitsulo. Mivukuto yachikopa inkapuma ngati ng'ombe zotopa, kutentha kunkafika pamasaya, ndipo fungo la makala a muwanga lidadzaza chipinda chonse. Komabe pansi padali simenti yomweyo imene ana adasesa m'mawa, ndipo kunja mbuzi za m'mudzi zinkadya msipu osadziwa kanthu.

Zonsezi zinkatuluka mu mzati wachitsulo umene udazikidwa pakona pa kalasi. Anthu a masiku amenewo ankautcha khomo, pakuti ukatsegulidwa makoma ankazimirira, ndipo mwana ankapezeka ali m'kati mwa Nyumba Yosungiramo Zakale ya ku likulu la dziko. Chimene mwana ankaona kudali kuwala kolukidwa mwaluso. Koma chimene ankakhudza chidali chenicheni. Akavala magolovesi a khomo n'kutambasula mkono, kutali ku likulu dzanja lachitsulo linkagwira chinthucho, ndipo kulemera kwake, kuzizira kwake, ngakhale ming'alu yake zinkamveka m'zala za mwanayo. Manja achitsulowo adali ochepa, sukulu za boma zidali zambirimbiri. N'chifukwa chake si sukulu iliyonse imene idali ndi khomo.

Wolondolera ana m'Nyumbamo adali Msungi, chithunzi cha kuwala chooneka ngati bambo wamtali wa imvi, wovala mkanjo woyera wofika pansi.

"Ana inu," adatero Msungi ndi mawu ozama, "khasu limene mwaligwirali lidasulidwa pa ng'anjo ngati iyi, makolo anu asanaone sitolo. Alipo amene ali ndi funso?"

Anawo adali atagwada m'mizere, manja pamodzi, nkhope pansi, monga amachitira mwana woleredwa bwino pamaso pa wamkulu. Palibe amene adatsokomola n'komwe.

"Palibe funso," adatero Msungi atadikira pang'ono. "Tipitirire."

Kumbuyo kwa kalasi kudaima Aphunzitsi a Nasoni Kamtedza, ndipo mtima wawo udadzala ndi kuthokoza. Ulemu umenewu adaufesa ndi iwo, mwana ndi mwana, chaka ndi chaka, ndipo ankauyang'ana monga mlimi amayang'anira chimanga chake chikamasula ngaiyaye.

Khomo litatsekedwa, anawo adatuluka mwakachetechete. Koma atangoponda pabwalo, phokoso lidaphulika ngati njuchi zogwedezeredwa mng'oma.

"Iwe Yotamu, unathawa moto wabodza!"

"Wabodza uti? Taona, nsidze zanga zapsa!"

"Unabadwa wopanda nsidze iwe, usanamizire makolo!"

Ena ankatsanzira kupuma kwa mvukuto, ena ankakangana ngati mwala ungasungunukedi. A Kamtedza adawamvera ali pakhomo la kalasi mpaka mawu awo adazimirira m'njira za kumudzi. Ndipo padatsala iwo okha ndi mphepo.

A Kamtedza adafika ku Mwalawoyera ali mnyamata, nakwatira m'mudzimo monga mkamwini. Masamu, sayansi ndi zilankhulo zinkaphunzitsidwa ndi makina, koma boma linkasiya munthu mmodzi pa sukulu iliyonse kuti aziyang'anira ana ndi kuwaongola khalidwe. Chauta sadawapatse mphatso ya mwana. Mayi a kunyumba kwawo, a Nangondo, atamwalira, akuchikazi adawasudzula monga mwa mwambo kuti abwerere kwawo ngati afuna. Koma kwawoko kudali kutasanduka munda wa magalasi okolola dzuwa, abale atabalalika m'mizinda. Choncho adakhala m'kanyumba ka kuseri kwa sukulu. Ankaphika okha ndi kupemphera okha, ndipo nyimbo ya m'mawa ankaiimba chamumtima, chifukwa nyimbo imene idazolowera mawu awiri ikaimbidwa ndi mmodzi imaonetsa pamene padagumuka. Munthu yekhayo wowachezera adali a Gwaza, mlongo wa malemu aja, amene ankabwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi kudzasewera bawo.

Teremu ili pakati, ngolo yamagetsi yodziyendera yokha idakwera phiri n'kuima pabwalo la sukulu. Mudatsika Mayi Chagunda, mmisiri wachitsikana amene ankayendera makomo a m'boma lonselo.

"Odi, Aphunzitsi!"

"Odini, mayi. Lowani, mpando uwu."

Adalonjerana bwinobwino, za thupi, za mvula ndi za njira. Kenaka mayiyo adayang'ana mzati uja n'kuusa moyo.

"Ndabwera ndi mawu olemera, bambo. Teremu ino ikatha, khomo ili tidzalizula."

"Lalakwa chiyani? Ana akulisamala ngati dzira."

"Khomo silinalakwe. Mgawi wati ana anu alibe chidwi."

Mgawi adali makina oganiza amene ankagawa makomo m'dziko lonse. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi anthu a m'maofesi, ndipo makomo ankatsata kumene kuli misewu yabwino ndi kumene amaphunzira ana a abale awo. Anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, ntchitoyo idaperekedwa kwa makina amene alibe mbale, alibe mlamu, ndipo sadya nkhuku ya munthu. Lamulo lake lidali limodzi, lomveka lolungama: khomo lizikhala kumene ana ali nalo ludzu. Tsiku limene lamuloli lidalengezedwa, a Kamtedza adagwada n'kuyamika Mulungu, ndipo posakhalitsa Mwalawoyera adalandira khomo lake loyamba.

"Alibe chidwi?" adafunsa a Kamtedza. "Mayi, anawa amalota za khomo limeneli."

"Bwerani muone chimene Msungi amaona."

Mayi Chagunda adakhudza mzati, ndipo pakhoma padaoneka kalasi ya sukulu ina ya mumzinda. Maso adali mbee, manja ali m'mwamba, ana akulankhula onse nthawi imodzi, wina akuyesa kukoka mkanjo wa Msungi.

"Awa ndi ana kapena anyani m'munda wa chimanga?"

"Ndi ana, bambo. Tsopano onani anu."

Chithunzi chidasintha. Padaoneka mizere ya mitu, yometa ndi yoluka, yonse yoweramira pansi. Padalibe nkhope ngakhale imodzi.

"Koma uwu ndi ulemu, mayi!"

"Ndikudziwa, bambo. Inenso ndinakulira kumudzi. Mpaka lero apongozi anga aamuna sindidziwa ngati ali ndi ndevu. Koma Mgawi sadziwa ulemu. Amawerenga maso amene ayang'ana ndi pakamwa pamene pafunsa. Kwa iye mwana woyang'ana pansi ndiye kuti watopa, wagona, kapena akuganiza za mango."

"Ndiye kamuuzeni kuti walakwitsa."

"Palibe wololedwa kumunong'oneza kanthu. Mukalola mmodzi lero, mawa wina adzamunong'oneza za sukulu ya mwana wake, n'kubwerera kumene tinachoka. Akuluakulu amakhala pansi nthawi ndi nthawi kuunika malamulo ake, ndipo ine ndikanena. Koma pofika poti asinthe, ana anuwa adzakhala ali ndi ana awo." Adaimirira n'kukonza chikwama chake. "Khomo litsegulidwanso kamodzi teremu isanathe. Mgawi adzayang'ananso. Ndinati ndikuuzeni ndi pakamwa, musadzangoona ngolo yafika."

Mphunzitsi ankaloledwa kutsegula khomo yekha pokonzekera phunziro. Mawa lake masana, ana ataweruka, a Kamtedza adavala jekete, nasesa kalasi, n'kukhudza mzati. Msungi adaonekera, wamtali, wowala, akuyang'ana pamwamba pa mabenchi opanda anthu.

"Zikomo, akuluakulu," adatero a Kamtedza.

"Ndakuonani, Aphunzitsi. Mukufuna kuona chiyani lero?"

"Sindinabwere kudzaona. Ndabwera kudzapempha. Ana anga amayang'ana pansi chifukwa amakulemekezani. Inu mutakhala pansi, pamphasa kapena pasimenti pompa, maso awo adzakupezani kumeneko, ndipo mudzaona nokha moto umene uli m'menemo."

"Sindingathe. Amene adandipanga adandiimika chilili, kuti ngakhale wa kumbuyo azindiona. M'kati mwa mkanjowu mulibe mawondo. Muli kuwala kokha."

A Kamtedza adaganiza za amisiri aja, amene adadzaza cholengedwa chawo ndi nzeru za mibadwo yonse, mayina a miyala ndi zaka za mafupa, n'kuiwala chiwalo chimene ngakhale ngamira idapatsidwa.

"Ngati ndi choncho, vulani imvizo. Bwerani ngati mwana mnzawo. Mudzaona, adzakugonthetsani m'makutu ndi mafunso."

"Nkhope iyi idasankhidwa kuti ana azindilemekeza."

"Ndiye akukulemekezani!"

"Ine ndimaona mitu yokha," adayankha Msungi, mosakwiya ndi mosamva chisoni. "Inu mumandiyang'ana bwino, Aphunzitsi, ndipo mumafunsa. Koma maso a wamkulu sawerengedwa."

A Kamtedza sadatseke khomo msanga. Adafunsa za mbiya, nafunsa za mikondo, zinthu zimene ankazidziwa kale. Dzuwa litapendeka ndi pamene adazindikira kuti ankangofuna kumva mawu akuwayankha m'chipindamo, ndipo adachita manyazi pamaso pa Mulungu wawo.

Lamulungu a Gwaza adafika ndi chipewa chawo chakutha n'kukhala pansi pa mtengo wa mthethe. Sipadapite nthawi adali atawadya alamu awo kawiri.

"Alamu, lero mukusewera ngati nkhuku ya chitopa. Kodi mwapeza chibwenzi?"

A Kamtedza adafotokoza nkhani yonse. A Gwaza adaseka mpaka kutsokomola.

"Chizulidwe chitsulocho! Ife tinakula opanda khomo. Kodi tilibe mitu?"

"Mitu muli nayo, alamu. Popanda mutu chipewacho chikanakhala pati?"

"Onani mkamwini wachipongwe! Mchemwali wanga anakutolani kuti?" Adaseka onse awiri, koma kenaka a Gwaza adaika dzanja pa bawo n'kutsitsa mawu. "Tsono mukuganiza zotani? Ndikukuonani, muli ndi kanthu kukhosi."

"Ndikuganiza zowaphunzitsa kudzutsa maso."

"Ayi, alamu. Zimenezo ayi. Ana a mudzi uno amatchuka mpaka kutsidya chifukwa cha ulemu, ndipo ndi inu amene munawaumba. Lero mufuna kuswa mbiya yanu chifukwa cha chidole chopanda magazi? Mkamwini sagwetsa mtengo wa pabwalo. Mdzukulu wanga Esinati akadzanditong'olera maso, ndidzadziwa kumene wazitenga."

Mawu amenewa adawalemera a Kamtedza. M'mawa uliwonse ankawatula m'pemphero, koma kumwamba kudali chete, monga kumakhalira nthawi zina pamene munthu akufunsa chinthu chimene ayenera kuchisenza yekha.

Tsiku lina akuzungulira mpanda wa sukulu, adaona utsi kuseri kwa chulu. Adapeza Esinati, mdzukulu wa a Gwaza uja, mtsikana wamng'ono thupi ndi wa mawu ochepa. Adali ataumba kang'anjo ka dothi la pachulu, n'kupanga mvukuto wa chubu chakale cha njinga. Pambali padali zigamphu za ting'anjo tina tosweka. Atawaona, mwanayo adagwada msanga n'kuyang'ana nsapato zawo.

"Waumba ndani izi?"

"Ndine, Aphunzitsi."

"Nanga izi zasweka bwanji?"

"Moto ukangokula zimang'aluka. Ndayesa dothi lofiira, ndayesa lakuda. Ya makolo ija sinkang'aluka."

"Bwanji sunafunse Msungi tsiku lija?"

"Ndi wamkulu, Aphunzitsi. Munati wamkulu akamalankhula, mwana amathandiza ndi khutu, osati ndi pakamwa."

Adalidi mawu awo. A Kamtedza adayang'ana timanja ta mwanayo, totupa ndi moto, ndipo adaganiza kuti Iye amene adaumba munthu sadaike maso kumapazi. Ngati khomo lizulidwa, mwana uyu adzakalamba ndi funso lake m'mimba.

Mawa lake adaima patsogolo pa kalasi.

"Ana anga, ndiyang'aneni."

Mitu idakhala chiweramire.

"Ndati ndiyang'aneni kumaso."

Wina adaseka mwamantha. Kamtsikana kena kadayamba kulira. "Amayi akandimenya," kadatero.

Pamenepo a Kamtedza adagwira benchi, napinda bondo limodzi, kenaka linzake. Mafupa awo adalira. Adatsika mpaka adakhala pasimenti, mutu wawo wa imvi uli m'munsi mwa mitu ya ana.

"Aphunzitsi agwa!" adakuwa Yotamu, ndipo onse adathamangira kwa iwo. Maso awo, amene ankafuna pansi monga mwa chizolowezi, adagwera pankhope ya mphunzitsi wawo.

"Sindinagwe. Mwandipeza. Tsopano ndiimirira pang'onopang'ono, ndipo inu musandisiye. Kwerani nane."

Adadzuka mwapang'onopang'ono, akugwira benchi, ndipo maso a anawo adakwera nawo, ena akuphethira ngati munthu wotuluka m'phanga. Adachita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka mawondo adatupa. Kenaka adayamba za mafunso.

"Ndifunseni chilichonse. Lero palibe chilango."

Anawo adayang'anana. Ndipo Yotamu adakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kodi jekete lanulo ndi limodzi lomwelo, kapena muli nawo ambiri ofanana?"

Kalasi idagwa nacho chiseko, ndipo a Kamtedza adaseka nawo mpaka misozi. Koma asanaweruke adawachenjeza mwamphamvu.

"Izi ndi za m'kalasi muno, za Msungi yekha. Mukafika kunyumba, mukagwade monga kale. Mwamva?"

"Tamva, Aphunzitsi!"

Tsiku lotsegula khomo lidafika. Makoma adazimirira, ndipo pakati pa kalasi padaima minibasi ya makedzana, yoyera, ya dzimbiri m'mbali, chitseko chake chomangidwa ndi chingwe.

"Iyi ndi galimoto imene agogo a agogo anu ankakwera," adayamba Msungi. "Inkamwa mafuta, ndipo inkayendetsedwa ndi munthu."

Anawo adali atagwada. A Kamtedza adaona mitu ikuyamba kulemera, chizolowezi chikuikokera pansi.  Kenaka Yotamu adadzutsa nkhope.

"Akuluakulu, munthu woyendetsayo akagona, zinkatha bwanji?"

"Zinkatha moipa," adayankha Msungi, ndipo kwa nthawi yoyamba adatembenuza mutu wake kuyang'ana mwana mmodzi.

Apa mpanda udagwa. Ankakwanamo bwanji anthu? Nanga mbuzi inkalipira? Chifukwa chiyani mipando ikununkha nsomba zouma? Manja adali m'mwamba, ena adaimirira osadziwa kuti aimirira. Pakati pa phokosolo padamveka mawu aang'ono amene adadula Msungi pakamwa.

"Akuluakulu, ng'anjo yanga ikusweka."

Adali Esinati, maso ake ali pankhope ya Msungi.

"Waumba ng'anjo?"

"Eya. Ikatentha imang'aluka."

Minibasi idazimirira, ndipo ng'anjo ya makolo idabwerera, yozizira tsopano.

"Vala magolovesi. Gwira khoma lake, pamene pagumukapo. Ukumva chiyani?"

Kutali ku likulu dzanja lachitsulo lidasisita dothi limene lidaumbidwa ndi munthu amene dzina lake lidaiwalika kalekale. Esinati adatsinzina, kenaka nkhope yake idawala.

"Muli udzu! Anasakaniza ndi udzu!"

"Udzu umapatsa dothi malo opumira," adatero Msungi. Ndipo nthawi itatha, asanazimirire, adawayang'ana onse n'kunena kuti, "Lero ndaona nkhope zanu."

A Kamtedza adatulukira kuseri kwa kalasi, navula chipewa, n'kuthokoza.

Koma maso amene aphunzira kukwera sadziwa pamene mpanda wa sukulu wathera. Lamulungu lotsatira, kutchalitchi, moni wa anthu udali waufupi. Amayi ena adapatuka njira. Masana a Kamtedza adatulutsa bawo pansi pa mthethe, nakonza mipando iwiri, n'kudikira mpaka mthunzi udachoka pamalopo. Ndipo adalowetsa mipando yonse iwiri.

Adakumana ndi a Gwaza pakati pa sabata, panjira ya kuchigayo.

"Alamu, bawo lakusowani."

A Gwaza adaima patali, osavula chipewa.

"Loweruka lija tinapha nkhuku. Esinati anabweretsa madzi osamba m'manja, n'kuimirira chilili, n'kundiyang'ana m'maso muno. Akuti, 'Agogo, n'chifukwa chiyani nthutumba mumadya inu nthawi zonse, ine n'kumadya mapazi?' Pamaso pa alendo!"

"Nanga munamuyankha chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani? Nthutumba ndi ya mwini khomo. Zimenezo zilibe chifukwa!" Mkati mwa mkwiyowo mudamveka mantha a munthu amene waona nyumba yake ikusuntha. "Ndinakuuzani. Tinakusudzulani kalekale, Aphunzitsi, koma tinakusungani chifukwa cha ana. Tsopano sindikudziwa."

Adapitirira ulendo wawo. Chichokereni tsiku la ukwati wa a Nangondo, aka kadali koyamba kuti a Gwaza awatche Aphunzitsi.

Tsiku lotsekera teremu, ngolo yamagetsi idakweranso phiri. Ana adaiona kutali ndipo adaunjikana pakhonde ali chete. A Kamtedza adatsika okha kukakumana nayo pachipata.

"Musaope, bambo," adatero Mayi Chagunda asanalonjere n'komwe. "Khomo lanu likhala. Mgawi wati ana a pa Mwalawoyera ali m'gulu la ana a chidwi kwambiri m'boma lino."

Mawuwo adafika pakhonde, ndipo anawo adalumpha, kufuula ndi kuvina. A Kamtedza atapukuta maso ndi pamene adaona chimene chidali kumbuyo kwa ngolo: chinthu chachitali, chokulungidwa m'lona, chomangidwa kumutu ndi kumiyendo ngati mtembo.

"Nanga ichi?"

Mayi Chagunda adayang'ana lonalo.

"Ndi khomo la ku Nsanjiko, tsidya la mtsinje. Makomo ndi omwewo, bambo, sanachuluke. Wina akakwera, wina amatsika."

A Kamtedza ankaidziwa sukulu ya Nsanjiko. Mphunzitsi wake, Mayi Nachuma, adali mwana wawo wa m'kalasi zaka za kumbuyo, mtsikana wofatsa amene adatenga zonse zimene adamuphunzitsa n'kukazifesa kutsidyako mokhulupirika.

"Munawachenjeza monga munandichenjezera ine?"

"Ndinawachenjeza. Anati iwo sangaphunzitse ana mwano, chifukwa aphunzitsi awo a Kamtedza sanawalere choncho."

"Nanga ana? Anachita chiyani pamene munkazula?"

"Anandithandiza kunyamula," adatero mayiyo, akuyang'ana kumbali. "Titamaliza anagwada onse, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti zikomo."

Mphepo idawomba lona lija, nalo lidagwedezeka pang'ono.

"Ndipita kutsidyako," adatero a Kamtedza. "Ndikawaphunzitsa monga ndaphunzitsira awa."

"Mukhoza, bambo. Ndipo chaka chamawa ndidzadutsa pano nditanyamula la kwina, kuseri kwa phiri lina, kumene inu simudzafikako."

Adatsanzika, ndipo ngolo idatsika phiri mopanda phokoso ndi katundu wake. A Kamtedza adaiperekeza ndi maso mpaka idabisika m'mitengo. Kumbuyo kwawo ana ankaimba, akumenya mabenchi ngati ng'oma. Kumunsi kudali mudzi umene sunkafunanso kuwapatsa moni, ndipo kutsidya kudali kalasi ya ana ofatsa, yokhala ndi dzenje pakona.

Adamva mapazi pambali pawo. Adali Esinati. Sadagwade. Adaima patsogolo pawo, nawayang'ana pankhope mwachidwi ndi mwachifundo, monga momwe iwo eni adamuphunzitsira.

"Aphunzitsi, mukulira chiyani? Si tapambana?"

 Mwanayo adadikira, maso ake osasuntha. Ndipo munthu wa imviyo, pamaso pa mwana wamng'ono, adayang'ana pansi.

Pakuti chakudya chikachepa, kuwongoka kwa mpeni wogawira sikutonthoza mwana amene watsala, ndipo amene walandira amadya yekha.